Makina akale ochapira okhala ndi chofinyira: chifukwa chake oyilo amabwererabe pa zovala

Dandaulo la anthu amene adzutsa makina akale ochapira a Maytag limafanana. Munthu wawatsuka, wapala dzimbiri, wawapaka penti, wagula lamba watsopano, mota ikulira bwinobwino. Koma pakangopita milungu ingapo, malaya oyera ayamba kutuluka ndi timadontho takuda tosamva sopo, ndipo pansi pa mwendo umodzi wakumbuyo pali kachithaphwi ka oyilo. Lero apukuta, mawa kabweranso. Akafika apa ambiri amagamula kuti magiya atha, makina apite kwa ogula zitsulo. Ine ndimakana. Magiya a makinawa satha msanga. Chimene chimatha ndi labala, ndipo labala akatha madzi amalowa kumene sayenera kufika. Mavuto ambiri obwerezabwereza pa makinawa gwero lake ndi limeneli.

Kampani ya Maytag inali ku Newton, m'dera la Iowa ku America. Inayamba kupanga makina ochapira mu 1907, ndipo mu 1922 inatulutsa mtundu wa Gyrafoam, wokhala ndi chotakasa pansi pa beseni chimene chimakankha madzi kuti adutse m'nsalu. Makina okhala ndi chofinyira inasiya kupanga mu 1983. Amene amapezekapezeka lero ndi E2L a beseni la ngodya zinayi la aluminiyamu, J2L a beseni la ngodya zinayi lokutidwa ndi enamelo, ndi N2L a beseni lozungulira. Chilembo P chikawonjezedwa kumapeto ndiye kuti ali ndi pampu yotulutsira madzi. Zipangizo zake zikugulitsidwabe, makamaka chifukwa cha anthu a chipembedzo cha Amish ku Ohio, Pennsylvania ndi Indiana. Ambiri mwa iwo salumikiza nyumba zawo ku mawaya a magetsi, choncho akuchapirabe makina amenewa powayendetsa ndi injini za petulo kapena mpweya, ndipo amisiri awo amawakonza tsiku ndi tsiku. Zambiri zimene ndikulemba pano zigwiranso ntchito pa makina a Speed Queen ndi ena a nthawi imeneyo.

Kapangidwe kake n'kosavuta kukamvetsa. Pansi pa beseni pali mota. Lamba amachoka pa mota kukazunguza pule ya giyabokosi. Kuchoka m'giyabokosi mphamvu imapita mbali ziwiri: shafiti yaifupi imakwera pakati pa beseni kukagwedeza chotakasa, ina imayenda chopingasa mpaka pangodya, n'kukwera mumzati kukazunguza marola awiri a chofinyira. Tsono onani pamene pagona nkhani. Madzi onse ochapira ali pamwamba penipeni pa giyabokosi, ndipo chimene chikulekanitsa madziwo ndi oyilo ndi kasilo kalabala kozungulira shafiti, pamodzi ndi magasiketi opyapyala, amene amatseka mipata pamene zitsulo zalumikizana.

Musanalowetse pulagi pakhoma

Werengani kaye kachitsulo kolembedwa kamene kali pa mota. Makina opangidwira ku America amafuna magetsi a 110V mpaka 120V pa 60Hz. Ku Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain magetsi a m'nyumba ndi a 230V pa 50Hz. Mukangolowetsa pulagi mosasamala, mota ipsa nthawi yomweyo. Thiransifoma imatsitsa mphamvuyo, koma siisintha 50Hz kukhala 60Hz, choncho mota yolembedwa kuti imazungulira ka 1725 pa mphindi izizungulira pafupifupi ka 1440 ndipo izitentha kuposa mmene inazolowerera. Thiransifomayo ikhalenso yayikulu, chifukwa mota ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa pamene ili paliwiro. Langizo langa ndi lakuti musunge mota yakaleyo pambali, muike ina ya 230V ya mphamvu yofanana, ndipo pule yake ikhale yokulirapo pang'ono kuti liwiro libwerere mwakale. Amene apeza timakina ta Hoover timene tinayamba kupangidwa ku Merthyr Tydfil ku Wales, m'dziko la Britain, mu 1948, ta chofinyira chopukusa ndi dzanja, vuto ili alibe.

Chingwe chakale cha magetsi chichotseni ngakhale chikuoneka chabwino. Labala wake amakhala atauma mkati, ndipo zambiri zinali za mawaya awiri okha, zopanda waya wa ethi. Ikani cha mawaya atatu, wa ethi mumangirire ndi bawuti pa chitsulo cha makina, pamalo opala bwino opanda penti. Makinawa ndi chitsulo chokhachokha, muli madzi, ndipo wochapa amaima pansi ponyowa. Apa palibe kunyengerera.

Mota ikangong'ung'udza osazungulira, zimitsani msanga, vulani lamba, muyatsenso. Ikazungulira yopanda lamba, mota ilibe mlandu, chalimba ndi giyabokosi kapena chofinyira. Ikang'ung'udzabe, kawirikawiri ndi kaswichi kodzutsira mota kamene kali mkati, kamene kamakakamira ndi fumbi ndi ulusi. Kuyeretsa kokha kumakwanira nthawi zambiri. Lamba asakhale wothina kwambiri: mukamudina ndi chala pakati azilowa pafupifupi sentimita imodzi. Wothinitsa amadya maberingi a mota.

Oyiloyo akuchokera kuti?

Musamasule bawuti ngakhale imodzi musanadziwe kumene oyilo akuchokera, chifukwa malo ake ndi awiri ndipo ntchito yake ndi yosiyana kwambiri. Tengani nsanza zoyera. Thirani madzi otentha m'beseni, chapani nsanzazo kwa mphindi khumi, kenaka muzitulutse ndi manja osazidutsitsa pa chofinyira. Zikatuluka ndi madontho, kapena mukaona mafuta akuyandama pamadzi, oyilo akukwera kuchokera m'giyabokosi kudzera pa silo ya pakati. Zikatuluka zoyera, dutsitsani nsanza zina pa chofinyira, makamaka kumapeto kwa marola. Zikada pamenepo, ndi girisi wa m'mutu wa chofinyira amene wasungunuka kapena anapakidwa wochuluka. Limeneli ndi vuto laling'ono. Nyamulani mutuwo, pukutani girisi wakale, pakani watsopano pang'ono chabe pa magiya ndi maberingi, mutsuke marola ndi sopo.

Za mwendo wakumbuyo uja, umene uli pansi pa mzati wa chofinyira. Kunyowa pang'ono kwa oyilo pamenepo n'kofala pa makina a Maytag, ndipo ambiri agwira ntchito zaka zambiri ali choncho. Chofunika kuyang'ana ndi mtundu wa oyiloyo ndi kuchuluka kwake. Akakhala wakuda, wokhuthala, dontho limodzi kapena awiri pa kuchapa kulikonse, ikani katoni pansi muzichapabe. Koma akakhala wotuwa ngati tiyi wamkaka, kapena akamatuluka wambiri mukangotha kuchapa, ndiye kuti madzi alowa m'giyabokosi. Madzi ndi olemera kuposa oyilo, choncho amakhazikika pansi n'kumukweza oyiloyo mpaka asefukire pa kabowo kopumira mpweya kamene kali pa paipi ya shafiti yopingasa ija, kapena pa zolumikizira za shafitiyo. Zikafika apa musachedwe. Magiya amene ndawayamikira aja akakhala m'madzi amachita dzimbiri, ndipo pamenepo ndiye amathadi.

Chotakasa chakakamira

Kuti mufike pa silo muyenera kuchotsa chotakasa, ndipo ntchito ya anthu ambiri imaimira pomwepa. Pa makina a Maytag amitundu imeneyi chotakasa sichimangidwa ndi bawuti. Chimangovekedwa pa mano a shafiti, ndipo kamphete kalabala ndi kamene kamachigwira kuti chisayandame. Chiyenera kutuluka mukachikoka ndi manja awiri molunjika m'mwamba. Chikakana, ndi sopo wouma ndi dzimbiri la zaka zambiri zimene zachimata.

Dzazani beseni ndi madzi otentha kwambiri, muyatse makina atakase kwa kanthawi, muzimitse, mutulutse pulagi, kenaka muyese kukoka madziwo akadali otentha. Chikakanabe, dutsitsani zingwe ziwiri zolimba pansi pa chotakasa mopingasana, muzimangirire ku thabwa lokhuthala limene mwaligoneka pamwamba pa beseni. Pansi pa thabwalo, pamene lakhudza mkombero, ikani matawulo. Kungani zingwezo pang'onopang'ono ndi timitengo tokhomera pansi pa thabwa, mbali iyi pang'ono, mbali inayo pang'ono, muzisiye zokungika usiku wonse. M'mawa thiraninso madzi otentha. Zingatenge masiku angapo, ndipo palibe cholakwika ndi zimenezo. Chimene simuyenera kuchita ndi kulowetsa chitsulo pansi pake n'kumatukula. Zotakasa zambiri zakale ndi za pulasitiki wolimba wotchedwa Bakelite, amene sapindika, amangothyoka. Beseni la enamelo nalo likagamphuka, dzimbiri limayambira pomwepo.

Chikatuluka, mupeza pansi pake malo osonkhanira mchenga, mabatani ndi ndalama zachitsulo. Yeretsani zonse. Mano a shafiti muwakweche ndi bulashi yawaya mpaka awale.

Kusintha silo, ndi chifukwa chake ena amasintha kawiri

Mabawuti ogwira beseni pa makina a Maytag ali ndi mitu yachilendo yotchedwa Gulmite, imene sipanala wamba saigwira. Sipanala yake imagulitsidwa ndi omwe amagulitsa zipangizo zina zija, ndipo ndi bwino kuiitanitsa pamodzi ndi silo ndi magasiketi. Ngati simungaipeze, chekani kamzere pamutu pa bawuti kuti sukuludiraiva yayikulu ilowe, ndipo pobwezera muike mabawuti osachita dzimbiri okhala ndi mawashala otseka madzi. Jambulani ndi foni gawo lililonse musanalichotse. Beseni likachoka, tsegulani chivundikiro cha giyabokosi, khuthulani zonse zimene zili mkatimo, tsukani ndi palafini, muumitse bwino. Yang'anani mano a magiya. Nthawi zambiri mudzawapeza ali bwino.

Tsono apa ndi pamene pamasiyanitsa ntchito yokhalitsa ndi ya miyezi iwiri. Yendetsani chikhadabo pa shafiti, pamalo penipeni pamene mlomo wa silo umakhudza. Chikhadabo chikakodwa m'kamzere kapena m'timaenje ta dzimbiri, silo yatsopano siigwira. Itseka kwa milungu ingapo, kenaka shafiti yokhakhalayo iidya, madzi ayambanso kutsika. Anthu amaimba mlandu silo kuti ndi yachinyengo pamene vuto lili pachitsulo. Timaenje tosazama mungatisalaze ndi sandipepala wosalala kwambiri wonyowetsa ndi oyilo. Kamzere kozama kamafuna shafiti ina, kapena kuveka kamphete kachitsulo kopyapyala kamene amakanika amagwiritsa ntchito pa mashafiti a galimoto odyeka chimodzimodzi. Mmisiri aliyense wodziwa kusema zitsulo pa makina ake angakuthandizeni ntchito imeneyi.

Poveka silo yatsopano, kutani mano a shafiti ndi tepi kuti asang'ambe mlomo wake podutsa, ndipo muipake girisi pang'ono. Magasiketi akale musawabwezere. Ngati atsopano sanapezeke, dulani anu pa pepala la gasiketi logulitsidwa m'masitolo a zipangizo za galimoto, potsata chithunzi cha akalewo. Mabawuti a beseni muwamange mosinthanasinthana, iyi kenaka yoyang'anana nayo, pang'onopang'ono, kuti gasiketi ikhale mofanana mbali zonse.

Pali zinthu zina ziwiri zimene zimabweza oyilo ngakhale silo ili bwino. China ndi oyilo amene mwathira. Wa injini ya galimoto ndi wopepuka, amapeza njira paliponse. Thirani oyilo wokhuthala wa magiya, ndipo musadzaze mpaka pakamwa poganiza kuti wochuluka ndiye wabwino. Wongokwanira kunyowetsa magiya ndi amene akufunika. Chinacho ndi kabowo kopumira kamene kali pa paipi ya shafiti yopingasa. Opaka penti amakatseka osadziwa. Giyabokosi ikatenthedwa ndi madzi a pamwamba pake, mpweya wa mkati umafufuma, ndipo ukasowa potulukira umakankha oyilo kudzera pa silo. Pisanimo kawaya kuti kabowoko kakhale kotseguka.

Mukamaliza, musathamangire kuchapa. Dzazani beseni ndi madzi, yalani nyuzipepala pansi, musiye makina osayatsa mpaka mawa. Dontho lililonse lidzadzionetsa pamene lachokera. Madzi oyera odontha chakumbali kawirikawiri ndi paipi yotulutsira madzi imene yang'aluka pokhota, kapena gasiketi ya pampu. Zimenezi n'zosavuta kusintha.

Ndipo kuti silo yatsopanoyo ikhalitse, pali chizolowezi chimene eni makinawa akale ankachidziwa: mukatha kuchapa, tulutsani madzi onse, zulani chotakasa, pukutani shafiti, muipake Vaseline pang'ono, chotakasacho muchigoneke m'beseni chosaveka, chivundikiro chikhale chotsekula pang'ono. Chotakasa chosiyidwa pamalo pake chimasunga chinyezi pamwamba pa silo sabata yonse. Dzimbiri la pa shafiti lija limabadwira pamenepo, ndipo kukakamira kuja nakonso.

Marola

Musanayese kufinya chilichonse, yesani chomasulira. Ndi chitsulo chopingasa chimene chili pamutu pa chofinyira, ndipo mukachimenya ndi dzanja marola ayenera kutayana nthawi yomweyo. Chikamafuna mphamvu kapena chikamakakamira, konzani chimenechi poyamba: yeretsani, pakani oyilo pa zolumikizira zake, muyese mobwerezabwereza mpaka chizimasuka ndi kukhudza kumodzi. Chofinyira choyendera mota chimakoka dzanja mpaka m'chigongono ndi kupitirira, ndipo madokotala a ku America anaona ana ambiri ovulala chotero m'zaka zimene makinawa anali m'nyumba zambiri. Tsitsi limangidwe, nsonga ya chitenje kapena mpango isalendewere, mwana asayandikire. Nsalu ikakulungika pa rola, musaikoke ndi zala marola akuzungulira. Menyani chomasulira, zimitsani, ndiye muimasule.

Makina ena a zaka zakumapeto, okhala ndi chilembo S, ali ndi kampira kopondera pansi kolumikizidwa ndi kapaipi kakang'ono ka mpweya. Mukakaponda marola amazungulira, mukachotsa phazi amaima. Kampirako kakaola, chotakasa chimagwira ntchito koma chofinyira chimangokhala chete, ndipo munthu amayamba kukayikira magiya pachabe. Ambiri amathetsa vutoli pochotsa zonsezo n'kutsekapo ndi bawuti kuti marola azizungulira nthawi zonse. Ine sindivomereza zimenezi, makamaka pakhomo pamene pali ana. Kampira ndi kapaipi katsopano zimapezeka, gulani.

Marola akakana kuzungulira pa makina opanda kampira, onani ngati chogwirira cha pamwamba sichili pakati, pamalo poimitsira, ndiponso ngati mutu wa chofinyira wakhala bwino pamzati. Nthawi zina umangofuna kuunyamula pang'ono ndi kuutembenuza kuti mano alumane.

Pa Maytag rola yapamwamba ndi yofewa, yapansi ndi yolimbirapo, kuti mabatani azimira mu yofewayo osasweka. Zovala zikamatuluka zikudontha madzi mbali imodzi, onani ngati masipuling'i akukanikiza mofanana. Zikamaterereka osalowa, nkhope ya rola yasalala ndi sopo wakale: itsukeni ndi madzi ofunda, muikhule pang'ono ndi sandipepala. Petulo, palafini ndi oyilo zisakhudze marola, zimafewetsa labala n'kumusandutsa wonata. Marola omatana chifukwa chokhalitsa musawalekanitse ndi mpeni. Masulani chofinyira, thirani madzi ofunda a sopo pamene akhudzana, muwapatse nthawi. Rola yong'aluka mozama, kapena imene labala wake wayamba kusiyana ndi chitsulo cha mkati, ilibe mankhwala, isintheni. Kugunda kumene kumamveka kamodzi pa kuzungulira kulikonse ndi malo ophwatalala, ndipo amabwera chifukwa chosiya marola atakanikizana makina akapuma. Mukatha kuchapa muziwamasula nthawi zonse. Pofinya, pindirani mabatani ndi mazipi mkati mwa nsalu.

Beseni, injini ndi kunyamula

Beseni la aluminiyamu la E2L limadana ndi soda wa kositiki ndi mankhwala amphamvu oyeretsera, zimalidetsa ndi kulidya timaenje. Musasiyemo madzi a sopo usiku wonse. Timabowo tating'ono mungatitseke ndi guluu wa zitsulo wosakaniza mitundu iwiri, mutapala ndi kuumitsa bwino malowo. Popala penti wakunja nyowetsani kaye ndipo muvale chotseka mphuno, chifukwa penti wa zaka zimenezo angakhale ndi mtovu.

Ngati makina anu ndi a injini ya petulo, mwina ndi Model 92 ya silinda imodzi, imene inayamba kupangidwa mu 1927, kapena Model 72 ya masilinda awiri, ya kuyambira 1937. Zonse ziwiri zimalizidwa ndi phazi ndipo zimamwa petulo wosakaniza ndi oyilo, magawo 16 a petulo pa gawo limodzi la oyilo. Zikakana kulira, yambani ndi thanki, chifukwa petulo wakale amauma n'kusiya phula lotseka njira zake. Kenaka yeretsani pulagi ya injini ndi mapoyinti ake. Paipi ya utsi iyenera kutulukira panja. Utsi wa injini m'chipinda chotseka umapha mosachenjeza.

Potsiriza, za kunyamula, poti makina ambiri amaonongeka pa ulendo wochoka kwa wogulitsa. Chotsani kaye mutu wa chofinyira. Umatuluka pounyamula molunjika m'mwamba, koma ndi wolemera, choncho gwirani anthu awiri, ndipo muugoneke pa nsanza kuti girisi wa kunsi kwake asatole mchenga. Makina akwere galimoto ali chiimire, omangidwa ndi zingwe kuti mateyala ake asayende. Mukawagoneka, oyilo amatsanukira pa kabowo kopumira kaja, ndipo mufika kunyumba ndi giyabokosi youma musanachape n'kamodzi komwe. Ngati galimoto ndi yaifupi moti simungachitire mwina, tsekani kabowoko ndi kamtengo kosongola ndi tepi, ndipo mukafika mukumbukire kukatsegulanso musanayatse mota.